Nyale Yolira Popanda Mphepo

Chimene chinkamusowetsa tulo Sabina chaka cha njala chija sichinali m'mimba mokha. Inali nyale.

Inkalendewera pa mtanda wa denga la pabalaza, mikanda yake yagalasi ili ngati madontho a mvula amene akana kugwa. Agogo ake aamuna ankaphikira ansembe a ku France, ndipo ansembewo pobwerera kwawo anawasiyira. Ankati galasi lake analisungunula pamodzi ndi mtovu n'kulisema pamanja, n'chifukwa chake ukalikhudza limalira ngati belu. Mu Nsanama monse munalibe ina. Magetsi kunalibe, koma Sabina ankaipukuta Loweruka lililonse.

Tsono inayamba kulira yokha usiku. Ngili... ngili... Mawindo otseka, kunja kuli zii, ngakhale agalu anali atatha m'mudzimo.

Mwamuna wake Wadson ankati amagona kumunda, kulondera chinangwa. Sabina atamuuza m'mawa, Wadson anagwira pakamwa.

"Mizimu ya azungu ikufuna katundu wake. Tikaigulitse ku Nayuchi, mayi a Dorica, tisanathe."

"Iyayi. Ya agogo imeneyo."

Pamjigo amayi ankanong'onezana kuti nyaleyo ikumwa magazi a mwana, poti Dorica anali atatupa mapazi, tsitsi litafiira. Usiku uliwonse inkalira, mwanayo n'kumabuula pamphasa.

Usiku wina Sabina anadzuka, nakaima pansi pa nyaleyo mumdima. Anamvetsera. Kulirako sikunali kwachisawawa: kugunda, kupuma, kugunda, kupuma. Manja ake anakuzindikira mutu usanakuzindikire. Anagwira khoma. Linkanthunthumira.

Kuseri kwa khomalo kunali kakhitchini kakale, kamene denga lake linatsamira pa mtanda womwewo. Anatuluka monyang'ama, nasuzumira pamng'alu. Koloboyi ankayaka pang'ono. Mtondo unali utakwiriridwa theka m'dothi, utakulungidwa ziguduli kuti anansi asamve, monga ankachitira ambiri chaka chimenecho. Wogwira munsi anali Wadson, bambo wandevu, akusinja chimanga. Pambali panali thumba lofika m'chiuno, kampoto kamodzi ndi supuni imodzi.

Sabina anabwerera kukagona.

Kutacha anafukula mtondo uja, naukokera pakati pa bwalo. Anathiramo chimanga chodzadza, nayamba kusinja ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira. Zitseko za anansi zinayamba kutseguka.

Wadson anatulukira akuthamanga. "Mayi a Dorica, pepani, anthu amva!"

"Amve," anatero Sabina, munsi uli m'mwamba. "Dorica, mwanawe, bwera ndi lichero."