Kapulasitala ka pa Chala cha Magalasi

Tsiku limene Magalasi anayamba ntchito pakampani ija, anakomoka. Si nkhambakamwa ayi. Mnyamata wamtali, katswiri wa makompyuta, anangoona kadontho ka magazi pachala chake, kenaka khu! pansi, magalasi ake n'kuthawira kunsi kwa firiji.

Amene anamubaya anali mtsikana wa mulabotale yemwe aliyense ankamutchula kuti Kasingano. Kampaniyo inali yaing'ono, tizipinda tochepa pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo inkapanga tizipangizo toyezera matenda mwachangu. Udontheza magazi, udikira pang'ono. Ukatuluka mzere umodzi ndiye kuti matenda mulibe, ikatuluka iwiri ndiye kuti alimo. Tizipangizo tatsopano tinkayamba kuyesedwa pa magazi a antchito eni ake, choncho m'mawa uliwonse Kasingano ankazungulira ndi thireyi yake kupempha zala ngati wopempha mchere. Chake chokha n'chimene sichinkabayidwa. Ankati wometa anzake sadzimeta yekha, koma zoona zake n'zakuti singano ankaiopa kuposa onse.

Magalasi atatsitsimuka anapeza mtsikanayo akumukupiza ndi katoni, pachala atamumata kale kapulasitala. Pakapulasitalapo anali atajambulapo kankhope komwetulira ndi bolopeni.

"Mawa mundibayenso," anatero Magalasi adakali pansi pomwepo. "Ngati kudzuka kwake n'kotere, ndizikomoka tsiku lililonse."

Kasingano anaseka mpaka kugwira pamimba. Basi, chikondi chinayambira pamenepo.

Magalasi ndiye ankapanga pulogalamu ya pafoni yowerenga mizere ija, ndipo desiki yake inali pafupi ndi zenera. Kasingano ankayambira kwa ena onse kuti amalizire kwa iyeyo. Ankachedwa dala kupukuta chalacho ndi thonje, ndipo kankhope kankajambulidwa pakapulasitala ka munthu mmodzi yekha mu ofesi yonse. Anzawo ankatsokomola mwadala akamadutsa. Madzulo foni ya mtsikanayo sinkapuma. "Uchi wanga, wafika bwino?" "Kasingano wanga, kankhope kako kafufutika posamba, ndilibe mtendere."

Tsiku lina podikira basi, mnyamatayo anakweza chala chake ngati wolumbira kukhoti. "Chala ichi n'chako wekha. Wina sadzachibaya mpaka ndidzafe."

Mawu ngati amenewa mtsikana amawasunga. Mwina amawasunga mopitirira muyezo.

Kenaka kampani inalemba ntchito nesi. Anali wofatsa, wa khungu losalala, woyenda ngati saponda pansi, ndipo anamupatsa kachipinda kakekake kokhala ndi chitseko chotseka. Sabata yomwe kachipangizo katsopano koyezera matenda a chiwindi kanatha kupangidwa, Kasingano kunalibe. Mkulu wake anali atabereka mwana woyamba, ndipo iye ndiye ankachapa matewera ndi kuphikira mlamu wake yemwe ngakhale kuwiritsa madzi kunkamuvuta.

Atabwerera kuntchito, maso ake sanapite kunkhope ya Magalasi. Anapita kuchala. Panali kapulasitala komatidwa mowongoka bwinobwino, koyera, kopanda kankhope.

"Wakubaya ndani?"

Magalasi anati nesi ankangofuna magazi oyesera kachipangizo katsopano kaja, sizinali zoti n'kukana. Anayankha maso ali pakompyuta. Kasingano atatambasula dzanja kuti atenge chala china, mnyamatayo analowetsa manja ake m'matumba n'kunena kuti zala zake zatopa, apumeko kaye.

Zatopa? Zala zomwe zinkachita kumudikira m'mawa uliwonse zatopa lero, nesi atangozigwira kamodzi?

Kuyambira tsiku limenelo Kasingano anasanduka mlonda. Anaona Magalasi akulowa m'kachipinda ka nesi, chitseko n'kutsekedwa. Anaona akutuluka maso ali ofiira, nesi atamugwira paphewa. Anaona pobwerera kunyumba akamuyandikira kuti amupsompsone, mnyamatayo akupereka tsaya ngati akupsompsonedwa ndi azakhali ake. Ngakhale botolo la madzi lomwe ankamwera limodzi analisiya. Mauthenga ankabwerabe, koma Kasingano ankawawerenga ndi diso lina. "Uchi wanga, ndili ndi nkhani yoti ndikuuze, koma undipatse nthawi pang'ono. Ndimakukonda." Nthawi yotani? Yoti akonze bwino mawu omusiyira?

Kunyumba anadandaulira mkulu wake, yemwe ankayamwitsa mwana uku akuwodzera. Mkuluyo anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, amufunse mwamunayo modekha. Kasingano anayankha kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye sangakhale phanga lachiwiri la munthu. Mkulu wake anangoti, "Iwe nsanje idzakupha usanakwatiwe," n'kutembenuzira mwana kubere lina.

Nsanje imapweteka, tisanamizane. Kasingano ankadzuka nayo, ankakwera nayo basi, ankavala nayo magolovesi. Ankadana ndi nsapato zoyera za nesi. Ankadana ndi kaperekedwe kake ka moni. Tsiku lina nesi anamuuza kuti tsitsi lake lamukhala bwino, Kasingano anapita kuchimbudzi kukalira ndi ukali.

Ndiye linafika tsiku la alendo. Akuluakulu a zipatala anabwera kudzaona ngati kachipangizo ka matenda a chiwindi kaja n'kodalirika. Mipando inayalidwa, foni inalumikizidwa ku sikirini yaikulu ya pakhoma kuti aliyense aone zomwe pulogalamu ya Magalasi iwerenge. Amayi eni kampani, atavala jekete yomwe ankaisungira masiku otere, anauza Kasingano kuti asankhe wantchito mmodzi wathanzi, alendo aone kaye mzere umodzi mmene umaonekera.

Kasingano sanayang'ane kwina. Anaitana Magalasi, n'kuuza alendo akumwetulira kuti ameneyu ndiye mwini chala chomwe amayesera nthawi zonse.

Nesi anadzuka msangamsanga. "Bayani ine, achemwali. Iwowa ali ndi ntchito yoyang'anira foni."

Mtima wa Kasingano unaphulika. Mpaka kumuikira kumbuyo pamaso pa anthu! Anamuuza nesiyo mwaulemu woluma kuti akhale pansi, ntchito ya labotale ili ndi eni ake. Kenaka anagwira dzanja la Magalasi. Linali lozizira, lonyowa thukuta.

"Chonde, uchi wanga, osati lero," ananong'ona mnyamatayo.

"Unati chala ichi n'changa," anayankha chapansipansi. "Kapena chinasintha mwini? Ukachibweza pano, usadzandiyankhulenso."

Magalasi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula chala.

Kasingano anabaya, anadontheza, anaika kachipangizo pansi pa foni. Podikira, amayi eni kampani ankasimba za mmene anayambira ntchito yawo, alendo akugwedeza mitu. Mzere woyamba unatuluka. Kasingano anayang'ana nesi monyadira, koma nesi anali atatseka maso.

Mzere wachiwiri unatuluka pang'onopang'ono, n'kuda. Pakhoma ponse panafiira, ndipo pulogalamu yomwe Magalasi anaipanga ndi manja ake inalemba zilembo zikuluzikulu kuti aliyense awerenge: MATENDA APEZEKA.

Mlendo wina anafunsa ngati kachipangizoko kalakwitsa.

"Sikanalakwitse, bwana," anatero Magalasi. "Kamagwira ntchito bwino."

Anatenga thonje pathireyi, nalikanikiza yekha pachala, n'kutuluka. Kasingano anatsala chiimire, kapulasitala kali m'manja.

Alendo atapita, nesi anamuitanira m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Sanamukalipire, ndipo zimenezo zinapweteka kwambiri. Anati Magalasi potsika masitepe anamuloleza kuti afotokoze zonse, popeza panalibenso chobisa. Mizere iwiri ija inatuluka tsiku lomwe nesiyo anamubaya koyamba lija. Matendawa ambiri amawatenga ali makanda osadziwa, ndipo munthu amakhala nawo bwinobwino akamaonana ndi adokotala. Magalasi ankadikira zotsatira za kuchipatala chachikulu kuti atsimikize, kenaka amuuze wokondedwa wake awiriwiri. Nthawi zonse akalowa m'kachipindamo funso lake linali limodzi, loti kodi mtsikana wakeyo angamuteteze bwanji, katemera angamupeze kuti.

"Dzina lanu ndinatopa nalo m'chipinda muno," anatero nesi. "Bweretsani chala. Nanunso muyenera kuyezedwa."

Kasingano anapereka dzanja. Singano italowa anadzidzimuka. Kani zimapweteka chonchi? Ndipo munthu uja ankapirira zimenezi m'mawa uliwonse, akumwetulira, chifukwa cha iye.

Unatuluka mzere umodzi. Sanasangalale nawo n'komwe.

Anamuimbira Magalasi, foni inangoitana. Analemba kuti, "Wanga, ndikhululukire. Nsanje inandichititsa khungu. Matendawo sindikuwaopa, ndikuopa kukutaya." Anadikira pamalo okwerera basi pomwe mnyamatayo analumbirira paja, mabasi akubwera n'kumapita, makondakitala akumuitana mpaka kumutopera.

Foni inalira. Anaitsegula mtima uli m'mwamba.

"Nesi wandiuza kuti uli bwino. Ndathokoza Mulungu. Ukabayitse katemera, usaiwale. Ine pakampanipo sindibweranso, sindingathe kuyang'anana ndi khoma lija."

Anauwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, kufunafuna mawu awiri okha. Munalibe "uchi wanga".

M'thumba la yunifolomu yake munali kapulasitala kaja. Anali atakajambula kale kankhope m'mawa, asanachoke kunyumba.