Munda Umene Matalala Anaulumpha

Mtembo wa mlangizi wa zaulimi unapezeka m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wa kuminda, dzuwa litangotuluka. Unali chafufumimba, mutu utaphwanyidwa kunkhongo, tepi yoyezera minda ikadali m'manja. Inspekitala, amene anamerera imvi pa ntchito yoona mitembo, anavula chipewa. Malemuyo anali wa msinkhu wa mwana wawo.

Sabata imeneyo mlangiziyu ankayendera minda imene matalala anaononga, kuti boma lidziwe alimi oyenera kulandira chipukuta misozi. Amene wamuvomereza, ana ake adzadya. Amene wamukana, zake zada. Adani ndiye anali mbwee.

Woyamba kuitanidwa kupolisi anali mayi wina wamasiye amene anamuopseza ndi khasu pamsonkhano wa alimi.

"Mayi, munati mudzamudula miyendo?"

"Ndinatero, bwana, sindikana! Munda wanga wonse uja anauyeza ngati kampango. Koma dzulo ndinaswera kuchipatala, mwana wanga amachira. Kafunseni anamwino, nawonso ndinawalalatira."

Anamwino anavomereza, mkwiyo usanawathere n'komwe.

Masana Inspekitala anapita kumunda umene malemu anauyendera komaliza. Unali wa mkulu wake wa malemuyo, wa bere limodzi, yemwe m'mawa uja ankadzigwetsa pansi polira mpaka anthu kumugwira. Iye mwini ndiye anawalondolera.

"Taonani, bwana, mmene matalala anandichitira."

Chimanga chonse chinali chitagona. Inspekitala anawerama n'kugwira tsamba limodzi. Linali lathunthu, losalala bwinobwino, pomwe m'minda yonse imene anadutsa masamba anali ong'ambikang'ambika ngati sanza. Anatukula mapesi ndi phazi. Pansi pake panali mapazi a ng'ombe ndi mkukuluzi wa chinthu cholemera. Analakalaka atalakwitsa.

Cha m'ma folo koloko, awiriwo anakhala moyang'anizana m'kachipinda kofunsira mafunso.

"Bambo, matalala a kwanu amayenda ndi ziboda?"

Inspekitala anaponyanso funso lina.

"Ndifunse ng'ombe zanu, kapena munena nokha?"

Mawu a mkuluyo anayamba kutuluka mosasa.

"Matalala analumpha munda wanga, bwana. Anzanga onse ankati boma lipereka zambiri, zoposa zimene munthu ungapeze utagulitsa mbewu. Mtima unandipweteka. Ndinamanga ng'ombe, n'kukoka chipika munda wonse. Ndinkati woyeza ndi mng'ono wanga, ndinamuphunzitsa sukulu ndi manja angawa, angandikane bwanji?"

"Ndiye anakukanani."

"Anagwira tsamba ngati mmene munachitira inumu. Anakhala pansi n'kuyamba kulira. Akuti, 'Achimwene, mwachita chiyani? Bodza ili sindingalinene, ntchito ingandithere. Ana anu ndidzawadyetsa ine.' Ine, kudyetsedwa ndi mwana amene ndinkamubereka kumsana! Atatembenuka kuti azipita, khasu linali m'manja mwanga. Ndinazindikira ali pansi."

"Kenaka munamunyamula kukamutaya m'ngalande, n'kumufumbatitsa tepi yake."

"Inde, bwana."

Wapolisi amene ankalemba anasiya cholembera, n'kugwira pakamwa. Inspekitala anaimirira kuti atuluke, koma atafika pakhomo anacheuka. Funso ili silinali la mlandu, linangowatuluka.

"Chimangacho chinali bwanji, musanachigwetse?"

Mkuluyo anadzutsa mutu, misozi ili chuchuchu.

"Chinali chitabereka ziwiriziwiri, bwana. Chibadwire changa sindinalimepo chotero."