Magetsi Atazima Pamwamba pa Nkhalango

Uthenga unafika m'mawa kuti kuseri kwa nkhalango ng'ombe zikungogwa, zisanu dzulo, khumi lero. Mlatho unali utakokoloka, choncho dokotala wa ziweto analongedza katemera m'bokosi la ayezi, nakwera kandege ka mipando inayi. Woyendetsa anali mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake.

"Alamu, ngati mwadya zambiri nenani, thumba losanziramo lilipo," anatero mtsikanayo akuseka.

Atauluka ola lathunthu, dokotala anamva fungo la pulasitiki wopserera. Kautsi kanatuluka pansi pa mawotchi oyendetsera ndege. Mlamu wake anadina batani lofiira, ndipo wailesi, mapu owala, ndi singano zoonetsa mafuta, zonse zinafa pamodzi.

"Mwazimitsa ndege!" anakuwa dokotala.

"Ndazimitsa magetsi, waya akupsa! Injini ili ndi moto wakewake, siidalira batire!"

"Nanga tili pati?"

"Ndimati ndifunse inu! Si mwayenda kuno zaka khumi?"

Anayendadi, koma panjinga yamoto. Iye ankadziwa dzenje limene anagweramo chaka chatha, ndi mtengo umene ankapumirapo. Poyang'ana pansi anangoona mphasa yobiriwira, yopanda mutu ndi miyendo.

"Mukafika pa mtengo wopsa ndi mphenzi mukhotere kumanzere," anatero mwamanyazi.

"Alamu, mitengo ilipo miyandamiyanda! Mafuta, malinga ndi wotchi yanga yapamkonoyi, atsala a mphindi makumi atatu. Ndipatseni phiri kapena mtsinje!"

Mtsinje dokotala anauona, koma kenaka inakhala iwiri, yonse yofiira ndi matope. Analoza wakumanja. Atautsata pang'ono anati ayi, mwina uja. Anabwerera. Dokotala anapeza kuti wakumbatira bokosi lija ngati khanda.

Kenaka chinthu chakuda chinadutsa pafupi ndi phiko, mlamu wake n'kupendeketsa ndege kuchizemba.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa mtsikanayo.

Dokotala anatsatira ndi maso. Kutali kumadzulo, zakuda zina zambiri zinkazungulira malo amodzi, pang'onopang'ono.

"Miimba," anatero. Kenaka anakweza mawu. "Miimba, mlamu! Yochuluka chonchija siitsata nyama imodzi. Ng'ombe zili apo, ndipo bwalo la ndege lili kuseri kwa dibi!"

"Mukutsimikiza, kapena ndi mtengo wopsa uja?"

"Pitani!"

Anazilambalala mbalamezo chapatali mpaka anaona kanjira ka udzu wotchetcha. Zotsitsira liwiro za kumapiko zinali za magetsi, choncho anatera mothamanga. Ndege inadumpha kawiri, inalowa m'tchire ndi mphuno, n'kuima pafupi ndi chulu.

Abusa anafika akuthamanga. Dokotala anatsika, natsegula bokosi. Ayezi anali asanasungunuke.

Anabaya ng'ombe katemera masiku atatu, mlamu wake akugwira zingwe ndi kutukwana nkhunzi. Anabwerera pathirakitala, njira yozungulira, ndege ataisiya ikudikira makaniko.

Kunyumba mkazi wa dokotala anawalandira pakhomo, akuyang'ana mwamuna wake, kenaka mng'ono wake. Nkhani ya ndege inali itamufika kale.

"Ndiye popanda mapu, anakulondolerani njira ndani?"

Awiriwo anayang'anana. Dokotala anakhala pansi, nayamba kumasula nsapato.

"Ng'ombe zimene tinazichedwera," anatero.