Birika la Malemu Sharifu

Chimene Bushra anayamba kuona linali dothi lonyowa. Linali kuseri kwa nyumba, pamwala pamene mwamuna wake, malemu Sharifu, ankakhala akamasamba manja, nkhope ndi mapazi asanapite kukaswali, kukapemphera kumzikiti, m'bandakucha. Mvula inali itasiya kalekale, mphepo ya mwera ikuumitsa milomo, koma m'munsi mwa mwalawo munali matope, ndipo birika, ketulo ya madzi, limene Bushra analidzaza madzulo linalibe ndi dontho lomwe.

Kulidzazako chinali chizolowezi chabe. Manja ake anali asanamve kuti mwini birika anaikidwa m'manda.

Bushra anali mu eda, miyezi imene mkazi wachisilamu amakhala pakhomo mwamuna akamwalira. Kusekondale kumene ankaphunzitsa masamu anamupatsa tchuthi. Ana analibe. Anthu a ku Chia ankamutama kuti akusunga mwambo, osadziwa kuti iye anasiya kuswali ali ku koleji ku Zomba. Ankadziwa ndi Sharifu yekha, telala wosatha nthabwala, amene sanamukalipirepo.

"Aphunzitsi, tawerengerani," ankatero akusoka. "Mukaswali n'kupezeka kuti Mulungu kulibe, mwataya katulo basi. Nanga mukapanda kuswali n'kupezeka kuti aliko?"

"Ndiye ndikamunamize? Ngati aliko, aona kuti ndabwera ngati wotchova juga."

"Bola wajugayo amafika pabwalo," Sharifu ankayankha, n'kuseka.

Tsopano wosekayo panalibe, ndipo funso linatsala lokha m'nyumba: kodi Sharifu ali kwinakwake, kapena palibenso Sharifu?

Madzulo ake anadzazanso birika, n'kuyang'ana pansi pake ngati likudontha. Silinkadontha. Anagona makutu ali kunja. Achule a m'minda ya mpunga analira mpaka kutopa, bango likukhulana ndi mphepo ngati anthu onong'onezana. Tambala asanalire, anamva chivundikiro cha birika chikugunda pamwala. Kenako madzi. Anatsika pang'ono, n'kuleka, n'kutsikanso, katatu, monga amachitira munthu wosambira swala. Bushra anagwira pakamwa. Sanatsike pabedi.

Kutacha kunabwera Kulusumu, mnansi wake, ndi kambale ka chinangwa chophika.

"Achemwali, anthu akulankhula," ananong'oneza, maso ali kuseri kwa nyumba. "Asodzi potsikira kumabwato akuti amaona chinthu choyera chitanyonyomala apo. Ena akuti ndi jini, chiwanda. Ena akuti ndi malemu, sanakhutire ndi malo awo."

"Nanga inu mukuti chiyani?"

"Ine? Ine ndikuti muitane shehe, ndipo birikalo mukaliponye m'madzi. Masamu anuwo sathamangitsa jini."

Bushra sanaitane shehe, ndipo birika sanalitaye. Masiku otsatira ankalidzaza mofulumira, dzuwa lisanalowe, n'kupezeka akudikira phokoso lija ngati mkazi wodikira mwamuna wochedwa kumsika. Zimenezi zinamuopsa kuposa jini.

Usana ankakhala pamkeka n'kumatsutsana yekha. Chaka chathachi anthu anavotera zipani zambiri. Iye anaona ndi maso ake amuna amene kwa zaka zonse ankaombera m'manja chipani chimodzi atalowa m'kachipinda kovotera, aliyense payekha, n'kutuluka atasankha zina. Kuchuluka kwa oombera m'manja sikunali umboni wa kanthu. Nanga a pamzere wa mumzikiti, atati alowe m'kachipinda kotero? Komanso ankakumbukira amalume ake amene anatuluka m'ndende ali mafupa okhaokha, akunena kuti chimene chinawasunga amoyo ndi swala. Chinthu chimene chimanyamula munthu chotero, ungachitche bodza mopepuka? Koma mtima wina unkayankha kuti mankhwala othetsa ululu sanena chimene chavulaza munthu. Ndipo iye ankafunitsitsa kuti akhale Sharifu. Ankadziwa kuti munthu akafunitsitsa yankho, masamu ake amayamba kukhota.

Njira inali imodzi: kutsegula chitseko. Akapeza munthu, ndiye kuti Sharifu wamwaliranso kachiwiri. Akapanda kutsegula, akhala akudya chitonthozo chimene sanachifufuze, zimene anakana kuchita mwamuna wake ali moyo.

Usiku umene anasankha, mwera unali wolasa m'mafupa. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko chakuseri atafunda chitenje, nyali ili yozima. Achule ataleka, anamva mapazi akukwakwaza mchenga, pang'onopang'ono, ndi kanthu kena kogogoda pansi. Chivundikiro chinagunda pamwala. Madzi anayamba kutsika.

Anakoka chitseko.

Choyeracho chinatembenuka. Unali mkanjo, ndipo m'mkanjomo munali nkhalamba yowonda, ndodo ili pambali. Anali a Yakubu, bambo ake a Sharifu, amene ankakhala tsidya la minda ya mpunga.

Bushra anagwada pakhomo pomwepo, chapatali, monga amachitira mkazi pamaso pa apongozi ake.

"Apongozi, ndinu?"

"Ndine, mayi. Pepani, ndakuopsani." Anaika birika pansi. "Sindikanatha kukuuzani. Munthu ungayambire pati?"

Madzi ankadontha m'ndevu zawo.

"Kumzikiti ndimapita," anapitiriza motsitsa. "Ndimaima pamzere, pakamwa pamayenda. Koma chiikireni mwana wanga m'dothi, ndikakweza manja ndimangomva ngati ndikulankhula ndi malata. Ndakhala ndikuswali moyo wanga wonse, mayi, lero ndikafunse ndani ngati kumwambako kuli wondimva? Ndiye ndimadzera pano. Ndikakhala pamwala wake, mtima umakhalako pansi."

Bushra anawayang'ana. Munthu amene iye ankamuyesa mzati wa chikhulupiriro anali m'mdima womwewo, yekhayekha ngati iye.

"Koma ndikuthokozeni," anatero a Yakubu. "Kuzizira konseku, inu kumadzuka kunditenthetsera madzi. Mulungu akudalitseni, ngati akumva."

"Madzi ati?"

"Awa. Tsiku lililonse ndimawapeza ofunda."

Bushra anayang'ana kukhitchini. Moto anauzima yekha madzulo, phulusa linali lozizira. Anakwawa n'kugwira birika. Chitsulocho chinali chofunda ngati mphumi ya mwana.

"Si ine, apongozi."

"Ndiye ndani?"

"Sindikudziwa."

"Inu ophunzira, simukudziwanso?"

"Sindikudziwa, apongozi."

Kutali, kudutsa madzi a Chia, muazini wa kumzikiti anayamba kuitanira anthu kuswala. A Yakubu anatola ndodo yawo. Anayang'ana birika, anayang'ana kumwamba kopanda mwezi, n'kunyamuka osatsanzika. Kugogoda kwa ndodo kunapita mofulumira kulowera kumzikiti, ndipo Bushra sanadziwe ngati akuthamangira Mulungu kapena akuthawa pamwalapo.

Anatsala yekha. Manja ozizira amanamiza, anadziuza. Kwa iwo chilichonse n'chofunda. Anaika birika patsaya. Linali lofundabe. Ngakhale zili choncho, anaganiza, uwu ndi umboni wa madzi ofunda basi, si umboni wa Mulungu, si umboni wa Sharifu. Maganizowo anali olondola, ndipo sanawataye.

Koma anakhala pamwala paja. Anapendeketsa birika, madzi anatsikira m'manja mwake, kamodzi, kawiri, katatu. Mawu amene munthu amanena poyamba kusambira swala anafika pakhosi n'kuima. Sanawakankhe, sanawameze. Anakhala chomwecho, manja akudontha, akumvetsera mdima, mpaka madzi a m'birika anazizira.