Mapazi a Mfumukazi Saponda Dothi

Ati machira achitsulo aja amalira okha. Ati ukadutsa kuseri kwa nyumba yachifumu ku Senkadagala dzuwa likulowa, umamva kwiii, kwiii, ngati anthu awanyamula, chonsecho ali khale m'chisakasa ndipo mwini wake kulibe. Ine sindinamvepo, ndipo anthu a mumzinda muja bodza amadyera mpunga. Koma theka lake ndimakhulupirira, poti chiyambi cha nkhaniyi ndinachinunkhiza ndi mphuno yangayi.

Mudzi wathu ndi wa onyamula machira a kwa mfumu. Madzulo ena ndikupala kokonati pakhonde, ndinamva fungo la utomoni wopsereza, uja amafukiza asing'anga, losakanikirana ndi la nyama yoola. Kucheuka, ndi Hawadiya, mnansi wathu, akuchokera kuntchito akukoka miyendo.

“Achimwene, mwaponda chiyani? Kapena mwalawa kale kachasu wa mgwalangwa?”

Sanaseke. “Mapazi anga akuzizira, mlongo. Ngati ndaima mumtsinje.”

Sabata isanathe tinamuika. Mapazi anali bii ngati makala, kudako kutakwera mpaka m'mawondo. Kenaka Kaluwa, wonyamula mnzake, chimodzimodzi. Kenaka mkamwini wa Kaluwa, chimnyamata chonyamula mwana wa njati paphewa. Agalu ankauwa atayang'ana njira ya kumzinda, ndipo amayi ankatseka zitseko nkhuku zisanalowe. Amuna anga a Setuwa, amene sanadwalepo chibadwire, anayamba kutsimphina tsiku lomwelo. Anatsimphina mwaluso kwa miyezi, kungoti nthawi zina ankaiwala mwendo wake.

Onse omwalirawo ankanyamula machira agolide.

Paja mfumu ili ndi akazi a mitundu iwiri. Wa machira agolide ndiye mfumukazi, wamagazi achifumu, wochokera kutsidya la nyanja, wolankhula chinenero chathu ngati akutafuna miyala. Wa machira achitsulo ndi mwana wa kwathu konkuno, wa kubanja la nduna zazikulu. Amampatsa minda, mikanda, antchito, ndipo bambo ake amatukula mimba pamisonkhano. Koma mwana amene angabereke, ngakhale atafanana ndi mfumu mpaka chala chakuphazi, mpando sauona.

Wa machira achitsulo nthawi imeneyo anali Sumanavati, mkazi wokongola moti ngakhale ife akazi anzake tinkaiwala kumunena. Anali ndi mwana wamwamuna, Kuda Bandara, wamakutu a mfumu enieni. Mfumukazi inalibe mwana ndi mmodzi yemwe. Ndiye kuchitsime nkhani inali imodzi.

“Ndi wachitsulo uja. Akufuna wagolide afe osabereka, nduna zisowe pogwira, zitenge mwana wake.”

“Tsekani pakamwa, inu! Mukufuna akupondetseni ndi njovu?”

“Nanga amuna athu akuferanji?”

Funso limenelo tinapita nalo kwa sing'anga wathu, a Ganitha. Anafukiza utomoni, natenga ndimu, naliika pa chodulira mtedza wotafuna, nadula. Anzanga, ndimu lija linatuluka madzi ofiira. Anadula lina, chimodzimodzi.

“Pali chidole cha phula chokwiriridwa panjira,” anatero. “Chili ndi misomali ndi tsitsi la munthu. Chimagwira wochilumpha ndi mapazi.”

“Tsitsi la yani?”

“Silimasankha kwenikweni. Likasowa mwini wake, limadya amene wadutsa.”

Apa m'pamene tinayang'anizana. Mfumukazi ikamapita kukachisi imatulukira pachipata chake chakechake. Koma kodi inayamba yapondapo dothi? Imachoka pansalu yoyera, kulowa m'machira, kutsikira pansalu ina yoyera. Wokwirira uja, poti naye ndi wonyamulidwa chibadwire, anaiwala kuti pansi pa machira pamakhala mapazi a anthu ena. Mapazi ake anali a amuna athu.

Koma ndani angakumbe pachipata cha mfumukazi? Kungogwira khasu pamenepo n'kunena kuti m'nyumba ya mfumu muli mfiti. A Ganitha anamanga mandimu awo, ati akukaona mlongo wawo wodwala kumapiri. Mlongo ameneyo tinamuika kalekale.

Zotsalazi ndinamva kwa Kombi, mayi wochapa, amene amayala nsalu zoyera zija. Munthu woyala nsalu sawerengedwa ngati munthu, ndiye makutu ake amakhuta.

Itayandikira nyengo ya chikondwerero cha njovu ndi ng'oma, kunatuluka ulemu wodabwitsa. Kuda Bandara aziperekeza mfumukazi kukachisi, adzere pachipata chomwecho. Banja la Sumanavati linaphika mpunga wamkaka kusangalala. Koma mwana wa machira achitsulo sanyamulidwa pachipata chagolide. Amatsika, nayenda wapansi kutsogolo. Sumanavati yekha atamva, ati anagwetsa mbale. Anayesa kunena kuti mwana ali ndi chimfine, koma ulemu wa mfumu sukanidwa.

Mwana anadutsa, atavala zoyera, akumwetulira. Pobwerera anauza amake kuti, “Amayi, mapazi anga akuzizira.”

Asing'anga a mfumu anapaka mafuta awo onse. Zala zinada. Kudako kunafika mu akakolo. Fungo lija linadzaza nyumba moti antchito ankagwira mphuno ndi nsalu. Chidole chikafukulidwa n'kutenthedwa, wodwala amachira, aliyense amadziwa. Koma wodziwa pokumba ndi wokwirira yekha, ndipo mkazi wa banja lalikulu akapezeka ndi mlandu wotere samudula khosi ayi, amamumangirira mwala n'kumuponya m'dziwe la mfumu.

Masana ena dzuwa lili pamutu, Sumanavati anabwera yekha wapansi m'chipinda cha mfumukazi, tsitsi lili nyankhalala. Kombi anali atagwada pakona, akupinda nsalu. Mfumukazi inali kutafuna masamba ake ofiiritsa malovu, milomo ili psuu.

Sumanavati anagwa chafufumimba. “Mayi wanga, ndine. Ndinakwirira ndine, pansi pa mwala wachiwiri wa pachipata. Tsitsi lanu ndinatola pachipeso. Ndiponyeni m'dziwe, koma lolani akumbe lero.”

Mfumukazi inalavulira m'kambale kake kagolide. “Ndiwe, eti?”

“Ndine. Mwana sadziwa kanthu.”

“Unkafuna akhale mfumu.”

“Ndinkafuna asamagwadire mwana wa mlendo m'dziko la agogo ake.”

Analoledwa kukumba. Chidole chinatuluka chikutentha ngati chachoka pamoto, misomali ili mbwee m'mimba, ndipo ati tsitsi lija linali litakula. Mwana anachira, koma zala za phazi limodzi zinathothoka. Tsopano ali kunyumba ya amonke, mutu wometa, ndipo munthu wolumala ngakhale nduna za kubanja la amake zenizeni sizingamutchule pa nkhani ya mpando. Sumanavati anamutengera kudziwe pa machira ake omwe achitsulo. Owanyamula anali amuna a m'mudzi mwathu, ndipo a Setuwa mwendo unachira tsiku limenelo.

Koma Kombi akuti asanamutulutse Sumanavati m'chipinda muja, mfumukazi inamukodola ndi chala, niwerama, nilankhula chinenero chathu bwinobwino, popanda mwala ndi umodzi womwe m'kamwa.

“Mng'ono wanga, wonyamula woyamba atangofa ndinadziwa kuti ndiwe. Chomwe sindinkadziwa ndi mwala woti tikumbe pansi pake. Ukuganiza kuti amene anapempha mfumu kuti mwana wako andiperekeze ndi ndani?”