Wotchi Yomwe Inayenda Mwini Wake Atafa

Lachiwiri, 6:40 m'mawa, Inspekita Jasper Chimango anapeza mtembo wa bambo Silvester Ngozo kuseri kwa khola lawo ku Biriwiri, bala pankhongo, wotchi yakuda padzanja. Dokotala anati anafa Lolemba cha m'ma 12 koloko masana.

Aneba sanachedwe kuloza chala: Lufina, mwana wa malemuwo, ankawakalipira tsiku ndi tsiku. Chimango, munthu wa zaka makumi awiri pantchito, anangomva zimenezo n'kumutsekera mayiyo. Phuma lopusa ndithu.

"Ndinkawakalipira kuti amwe mankhwala," anatero Lufina m'chipinda chofunsira mafunso. "Maondo awo anatupa, chiyambire Januwale sanachokepo pakhomo. Lolemba ndinali ku Nsipe kogulitsa mbatatesi, ndinagona komweko. Ndiloleni ndikaike bambo anga, bwana."

Chimango anatseka chitseko, osatuma ngakhale munthu mmodzi kukafunsa kumsikako.

Wotchi ija inali ya kafukufuku wa ukalamba wathanzi, amene mayunivesite a kuno ndi a ku Ulaya ankachitira limodzi. Inkalemba mayendedwe a woivala. Lachitatu, 2 koloko, Pulofesa Hannah, mzungu wotsogolera ntchitoyo, anamutsegulira Chimango kompyuta.

"Agogo amenewa tinkawanyadira," anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Zaka 88, koma phiri ankakwera tsiku lililonse. Ngakhale Lolemba anayenda mpaka 5 koloko."

Chimango anayang'anitsitsa pakompyutapo. Munthu wotupa maondo, wofa masana, n'kumayendabe madzulo?

"Amawaveka wotchiyi ndani?"

"Chrispine, wophunzira wathu."

Pokwana 4:15, Chrispine anali pampando womwe anakhalira Lufina.

"Tambasulani dzanja, achimwene."

Padzanjapo panali mkombero wotuwa wa lamba, koma wotchi analibe.

"Phiri ankakwera ndani?"



"Ine, bwana. Pamene maondo a agogo ankatupa, chithunzi chawo chinali chitafika kale ku Ulaya, dzina langa lili palipoti, malo asukulu atandilonjeza. Ndinayamba kuivala ndekha. Lolemba agogo anati, 'Ndine mkulu wa mpingo ine, bodzali likundichititsa manyazi. Alendo a kafukufukuyu akabwera ndiwauza.' Ndinawagwadira, anakana. Ndinawakankha, anamenyetsa mutu pamtengo wa khola. Ndinayendabe ndi wotchiyo kuti aoneke amoyo, madzulo n'kukawaveka."

Chimango sanamukalipire. Akanayambira pati, iyenso ali ndi tchimo lake?

5 koloko anatsegula yekha chitolokosi cha Lufina, chipewa chili m'manja. Manyazi anamugwira moti maso anangoti pa simenti.

"Mayi, ndinakulakwirani. Wopha bambo anu wavomera. Galimoto ili panja, ndikuperekezeni kumaliro."

Lufina anamanga chitenje chake pang'onopang'ono.

"Maliro ake ati, bwana? Alamu anga andiuza pawindo. Awaika masana ano, ndipo m'busa walalikira za ana opha makolo."

Anadutsa galimotoyo osaiyang'ana, n'kuuyamba wapansi.