Wamkulu Achape Matewera

Phwa! Matope anagwera pa matewera. Kamwano anali atangowayanika kumene. Aka kanali kachitatu.

Kamwano ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna thewera louma la mlongo wake wakhanda. Khandalo linkalira. Timatako take tinali titasupuka.

Vuto linali nkhondo. Kumwamba milungu iwiri inkamenyana. Wina anali Chimvula. Wina anali Chimphepo. Mzinda wa kuchigwa unali mbali ya Chimvula. Mzinda wa kuphiri unali mbali ya Chimphepo. Amuna onse anatenga mikondo. Atate a Kamwano anapita nawo.

Chimvula ankaponya madzi. Chimphepo ankaponya fumbi. Madzi ndi fumbi, ndiye matope amenewo.

Amayi anali kutonthoza khanda. Anamuuza Kamwano kuti akachapenso, poti iye ndiye wamkulu.

Mawu amenewo Kamwano anatopa nawo. Wamkulu atunge madzi. Wamkulu asese. Wamkulu amusiyire mwana.

Anasenza beseni la matewera. Anakwera pamwamba pa linga la mzinda. Mlonda anamuuza kuti abwerere. Sanabwerere.

Pamwambapo anaipeza milungu ija ili wefuwefu. Anagwada pang'ono, poti ulemu ndi ulemu.

"Zikomo akuluakulu, kodi mukulimbirana chiyani?"

"Wamkulu ndine," anatero Chimvula.

"Bodza, wamkulu ndine," anatero Chimphepo.

"Zokhazo?" anafunsa Kamwano. Anatula beseni lija. "Chabwino. Kwathu wamkulu ndiye amachapa matewera."

Milungu inasuzumira m'beseni. Inanunkhiza. Inabwerera m'mbuyo.

Chimvula anatsokomola. Anati kunena zoona, achimwene ake, a Chimphepo, ndiwo aakulu. Chimphepo anakanitsitsa. Anati iye ndi mwana wa dzulodzuloli. Taonani, mkangano wina unayambika. Tsopano ankalimbirana ung'ono.

Kamwano anagwira m'chiuno.

"Ndiye nonse ndinu ana. Pano wamkulu ndine. Ana amamvera wamkulu."

Anapatsa Chimvula sopo. Anapatsa Chimphepo chingwe. Chimvula anachapa, nkhope ili tsinyaa. Anatsukuluza kawiri. Chimphepo anauzira pang'onopang'ono. Matewera anauma gwa.

Pansi, asilikali anaona kuti kumwamba kwati zii. Anafunsana chimene ankamenyanira. Palibe ankadziwa. Aliyense anabwerera kwawo.

Atate anafika ali matope okhaokha. Anazika mkondo wawo pabwalo. Anamangirirapo chingwe choyanikira zovala. Amayi anaveka khanda thewera louma. Khanda linaseka. Kamwano anakhala pansi n'kuwongola miyendo. Tsiku limenelo atate ndiwo anasesa.

Wamva? Milungu yonseyonse inachita kuuzidwa ndi mwana. Iwe ndi mng'ono wako musachite kudikira beseni. Lekani zokanganazo. Wina atenge tsache.